Tsiku limene a Laiton anapita kukiliniki pachitseko

A Laiton Mbewe anabadwira ku Namba Thuu, m'komboni ya mgodi wa malasha ku Hwange, ndipo kwawo kwina sakudziwako. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, kale Hwange akadali Wankie, koma iwo Ntcheuyo amangomumva potchulidwa pamaliro. Ntchito ya a Laiton inali ya m'chipinda cha nyale. Munthu akamalowa pansi amam'patsa nyale ya pachipumi, akatuluka amailandira n'kuitchaja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ali pampando, ndiye mimba inakula mosadodometsedwa. Pomanga zingwe za nsapato ankayamba apuma kaye.

Nyumba inali ya kampani, ndipo kuno ngakhale mwana amadziwa kuti ntchito ikatha makiyi amabwezedwa. Chaka chilichonse wantchito amakapimidwa kukiliniki. Dokotala akalemba kuti thupi latopa, basi, amakupumitsa.

Mu Seputembala wa 2004, Sisita Tecla, namwino wa pakilinikipo, anawakulunga kansalu kopimira bipi pamkono, n'kupopa, n'kuyang'ana, n'kupopanso.

"Baba Laiton, mwabwera mukuthamanga?"

"Ine? Kuthamanga ndinasiya ndisanakwatire."

"Bipi yanu yafika kudenga. Ndikupatsani masabata asanu ndi limodzi. Ikapanda kutsika, khadi lanu lipita kwa dokotala, ndipo mukudziwa zimene amalemba."

Ankadziwadi. Choipa n'choti a Laiton akangoona kachipangizo kopopa kaja, mtima unkayamba kugunda ngati ng'oma ya beni, asanawakhudze n'komwe.

Kunyumba akazi awo, a Mailesi, anamvetsera nkhani yonse akusenda tomato.

"Ndiye tikatuluka muno tilowera kuti, bambo a Letty? Kwa mwana wanuyo ku Bulawayo amagona anayi m'chipinda chimodzi."

"Akuti ndizichita masewero olimbitsa thupi."

"Inu?"

A Mailesi anaseka mpaka kuika mpeni pansi. Kenaka anakumbuka. Dona amene ankamugwirira ntchito, mkazi wa injiniya wina, pochoka m'dziko anawasiyira simbi yakufa, miphika ya maluwa ndi kaseti ya vidiyo. Donayo ankaionera m'mawa uliwonse akuvina yekha pabalaza, ndipo anali wathanzi ngati mbuzi ya m'phiri.

Deki yoonetsera kasetiyo anakabwereka kwa a Adamu atelala. TV ya a Laiton inali yosalankhula kuyambira tsiku limene mphezi inagwa pafupi, choncho anangoona zithunzi. Munali azimayi asanu ndi bambo mmodzi wa ndevu, onse osavala nsapato. Ankaponya mateche ndi zibakera m'malere ngati a karate, kenaka n'kuyamba kudikula, kenaka n'kumatakasa mpweya pang'onopang'ono ndi manja, maso ali tsinzi. Pamapeto onse ankagona chagada n'kumangopuma.

"Chomalizachi ndichitha," anatero a Laiton.

Poti mawu kunalibe, mayina a masewerowo anapereka okha. Kunali kukankha ngolo. Kunali kuthamangitsa mavu. Kunali kuyanika bulangeti lonyowa. Chogona chija anachitcha shifiti ya abwana. Nyimbo ankatenga pa wailesi, iliyonse imene yapezeka, tsiku lina mpaka anadikulira zolengeza maliro osazindikira. Ankachita zonsezi makatani ali otseka, atavala kabudula wa khaki, chifukwa munthu wazaka makumi asanu ndi zinayi, dikoni wa mpingo, sangaonedwe akugwedeza chiuno masana.

Sabata yachitatu anayamba kuona zala zawo za kumapazi ataimirira. Sabata yachisanu theche linakwera kuposa mmene ankayembekezera, n'kukapeza mbale ya maluwa imene a Mailesi ankasungira alendo.

"Karate yanuyo panja," anatero a Mailesi akutola zidutswa. "Mukaswe mtengo wa mango."

Linali Lachinayi la mu Okutobala, kutatsala masiku anayi kuti akapimidwenso. Kutentha kwa Hwange mwezi umenewo sikufuna kufotokoza, ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. A Mailesi anavala yunifomu yawo n'kupita ku Mvano. A Laiton anasuzumira uku ndi uku, n'kuzembera kuseri kwa nyumba, pansi pa mango.

Anaiwala kuti mpanda wa kumeneko ndi waufupi. A Emeliya a nyumba yoyandikana ankaanula zovala. Anaona a Laiton akumenya chinthu chosaoneka, akudzandira cham'mbali, manja akunjenjemera m'mwamba, maso atatseka. Kenaka anawaona akutsika pang'onopang'ono mpaka kugona chagada pafumbi la malasha, zii.

Tsono amuna a a Emeliya, a Yosiya, anali kaputeni wa timu ya fesiteyidi, aja opereka chithandizo choyamba pakachitika ngozi mumgodi. Matimu amenewa amapikisana chaka ndi chaka, ndipo a Yosiya anali atayesa zaka khumi ndi chimodzi osatenga chikho. Masana omwewo anali kukhonde ndi anzawo atatu, akuyeserera pa thumba la utuchi lovekedwa ovolosi.

"Bambo a Admire, siyani thumbalo," anatero a Emeliya. "A Laiton agwa."

"Agwa kwenikweni?"

"Ndaona ndi maso angawa."

Amuna anayi analumpha mpanda ndi bokosi lawo. Musawaweruze, ankawakonda a Laiton. Koma pankhope zawo pankaonekanso chimwemwe cha anthu amene apeza munthu weniweni.

A Laiton anali atapitiriza shifiti ya abwana mpaka tulo. Anadzidzimuka mwendo wakumanzere utamangidwa kale pakati pa matabwa awiri.

"Musaope, madala, thandizo lafika," anatero a Yosiya ndi mawu a pampikisano. "Dzina lanu ndani?"

"A Yosiya, zaka zonsezi tikubwerekana wilibala?"

"Sakudziwa dzina lake. Lembani."

"Ndimangoyanika bulangeti, kenaka ndinalowa shifiti ya abwana..."

A Yosiya anayang'ana pachingwe. Panalibe bulangeti. Anayang'ana anzawo.

"Akubwebweta. Ndi mutu umenewu. Mangani chibwano."

Pampikisano oweruza amachotsa mamakisi pa chiwalo chilichonse chimene mwaiwala, ndiye timu ya a Yosiya sinkaiwala kanthu. Anamanga chibwano, mutu, mikono yonse, ndi mwendo winawo kuti usadandaule. Machira anali atatsala kuntchito. Mmodzi anatulutsa sikuludiraiva, ndipo mphindi zitatu zisanathe chitseko cha kumaso cha a Laiton chinali chitazulidwa, eni ake ali pamwamba pake.

Ulendo wa kukiliniki ndi wautali ndithu ukanyamula munthu ngati uyu. Ana anatsatira akufunsana m'Chindebele ngati wamwalira. Azimayi a pampopi anasiya zidebe. A Laiton anayesa kukuwa, koma chimene chinatuluka ndi kulira ngati kwa ng'ombe ili kutali.

"Akumva ululu," anatero a Yosiya. "Mwendo umodzi, amuna inu. Kumanzere, kumanja."

Pafupi ndi golosale bandeji ya kumutu inatsetsereka n'kuphimba maso. Apo a Laiton anagonja. Anaganiza kuti manyazi achitika kale, palibenso chopulumutsa. Anayamba kupuma monga ankachitira bambo wa ndevu uja, kukoka mpweya mpaka m'mimba, kuusunga pang'ono, kuutulutsa mosafulumira. Chitseko chinkagwedezeka bwinobwino ngati msana wa mayi. Kunena zoona, chibadwire anali asananyamulidwepo mwaulemu chotere.

Sisita Tecla anawalandira pakhonde la kiliniki.

"Yachitikira kuti ngoziyi?"

"Pansi pa mango, sisita," anayankha a Yosiya ataima njo. "Mutu, chibwano, mwina msana. Miyendo tangomanga mwa chitetezo."

"Magazi ali kuti?"

"Ndi za m'kati."

Sisita anamasula mkono umodzi, n'kukulungapo kansalu kake, n'kupopa. A Laiton sankaona kanthu. Ankangoti ndi a Yosiya akuwonjezera bandeji ina, ndiye anapitiriza kupuma kwawo. Sisita anayang'ana kachipangizo, n'kukagogoda ndi chala, n'kupopanso. Anasintha mkono.

"Iyi ndi bipi ya mwana wasukulu. Munthu ameneyu ndani?"

Anakweza bandeji ya kumaso.

"Baba Laiton?"

Atamasulidwa chibwano, a Laiton anafotokoza zonse, kuyambira kwa dona mpaka pa mango, akuyang'ana pansi. Sisita anatembenukira kukhoma kwa kanthawi, mapewa akugwedezeka. Kenaka anakatenga khadi lawo m'kabati, n'kulemba, n'kudinda chidindo.

"Ndapima katatu, mboni zinayi zikuona. Lolemba musavutike kubwera. Ndipo masewero anuwo musasiye, lamba wanu wabwerera mabowo awiri."

A Yosiya anatsokomola.

"Nanga kamangidweka, sisita, mukanakhala woweruza mukanapereka zingati?"

"Bandeji zili bwino kwambiri. Wodwala ndiye munasankha wolakwika."

Pobwerera a Laiton anayenda okha, opanda nsapato, phula likuwotcha, akudumphadumpha kumbuyo kwa chitseko chawo. Anapeza a Mailesi ataima pabwalo ndi Baibulo kukhwapa, akuyang'ana bowo limene linali khomo. M'nyumba munali nkhuku za a Emeliya, imodzi itakhala pa deki ya a Adamu.

"Bambo a Letty, ndachoka maola atatu okha. Atitulutsa kale?"

A Laiton anangowapatsa kapepala ka sisita. A Mailesi Chingerezi sawerenga, koma chidindo chofiirira chija amachidziwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kupinda pepalalo, n'kuliika pakati pa Masalimo.

"A Yosiya," anatero, "chibwezereni pamalo pake, ndipo chiongoke. Chinkakhula pansi potseka. Tikhalamo chaka china muno."