Mawu a Amayi pa Disiki ya Abwana

Ndinaganiza zopita ku Joni matipate akadali nkhani ya m'minibasi iliyonse. Pakamwa panamasukadi, koma sopo anakwera mtengo, ndipo ine ndi satifiketi yanga ya Fomu Folo ndinkangothandiza amayi kuyanika usipa ku Senga Bay. Amayi sanandiletse. Anangoti popeza iwo sadziwa kulemba, ndisamawatumizire makalata oti anthu ena aziwawerengera nkhani zathu. Anandipatsa kaseti yakale ya kwaya kuti tizilankhulirana pamenepo.

Kasetiyo inali imodzi yomweyo. Ine ndinkajambulapo mawu anga, n'kupinda timarandi m'kabokosi kake, n'kupatsira kondakitala wina wa basi amene tinkadziwana naye. Ikafika, achemwali anga a Esinati ankaika mabatire mu wailesi, amayi n'kumvera, kenako n'kujambula mawu awo pamwamba pa anga. Uthenga uliwonse unkafufuta unzake. Zimenezi zinkandiwawa, chifukwa mawu a amayi ndinkayenera kuwapha ndekha kuti ndiwayankhe.

Ntchito ndinaipeza mu shopu yokonza makompyuta. Ndinalowa ngati wosesa, koma maso sakhala paulova, pang'onopang'ono ndinayamba kumasula ndi kumanga. Kompyuta ya pa tebulo lathu inali ya mbali ziwiri: ukaiyatsa inkakufunsa ngati ukufuna Windozi kapena Linakisi. Abwana anga ankadziwa Windozi yokha, inayo anawaikira munthu wina amene anachoka kale. Tsiku lina ndikuyang'ana mmene anagawira disiki yosungira zinthu m'kompyutamo, ndinapeza kuti kumapeto kwake kunatsala malo osapatsidwa mbali iliyonse, ongokhala ngati tsala. Ndinalowera ku Linakisi, n'kudula malowo kukhala chigawo pachokha, n'kuchitchula kuti Salima. Kuyambira pamenepo, kaseti ikabwera ndinkayamba ndakoperamo mawu a amayi ndisanajambule anga.

Ku Joni ndinasungulumwa, sindibisa. Tinkagona anthu ambiri m'chipinda chimodzi koma aliyense ndi mtima wake. Masana anzanga akapita kukagula tchipisi, ine ndinkavala zomvera m'makutu n'kubwerera kwathu. Amayi ankandiuza kuti mwera wavuta, asodzi sakulowa m'madzi, kuti mbuzi ya a neba yadyanso ufa, kuti ndalama zafika ndipo agula malata. Sankalephera kundiseka kuti ndikwatira liti, kapena ndakwatira kompyuta. Mawu awo anali amphamvu nthawi zonse, ndipo ine ndinkati bola ali bwino, ndigwireko chaka china.

Uthenga wa maliro unabwera pa foni ya mu shopu. Achemwali anaimba ali pa telefoni bilo ku boma, akufulumira chifukwa cha mtengo wake, ndipo anati amayi atisiya, aikidwa dzulo. Mapepala anga anali atatha kale, kutuluka kukanakhala kosabwereranso, choncho ndinakhala. Patapita masabata, kondakitala uja anandibweretsera kaseti. Nditaitsegula ndinamva mawu anga omwe, ndikuwafunsa amayi ngati denga latha.

Sipanapite nthawi, Windozi inadzaza. Abwana anayang'ana disiki n'kuona chigawo chachikulu chimene Windozi sinkachizindikira, popeza siwerenga zolembedwa ndi Linakisi. Kwa iwo anali malo opanda kanthu. Anandiuza kuti ndichifufute, ndichiphatikize ku mbali yawo ntchito iziyenda. Ndinawauza zoona, kuti muli mawu a mayi anga ndipo kwina kulikonse kulibe. Sanakalipe, koma anati disikiyo ndi ya shopu, si manda. Tinagwirizana kuti ndiwagulire ina yaikulupo, ndisamutse zinthu zawo, yakaleyo ikhale yanga. Mwezi umenewo ndinakhalira buledi ndi tiyi wopanda mkaka, ndipo kwathu sindinatumize kanthu.

Nthawi yobwerera kwathu itakwana, disikiyo ndinaikulunga mu sokosi n'kuisunga m'thumba la jekete ulendo wonse. Kwathu kunalibe magetsi, choncho ndinapita ku boma kwa mayi wina amene anali ndi kompyuta yotayipira anthu makalata. Titalumikiza disiki yanga, makina ake nawonso anati mulibe kanthu. Mayiyo anandiyang'ana ngati ku Joni anandipusitsa. Ndinamupempha andilole ndione disiki yake, ndipo mwamwayi nayonso inali ndi kamalo kotsala. Ndinadulapo kachigawo, n'kuikapo Linakisi kuchokera pa chimbale cha sidi chimene ndinabwera nacho, iye ali chilili pambuyo panga kuopa kuti ndimuwonongera makalata a anthu. Titayatsanso, chigawo cha Salima chinaonekera chonse.

M'mawa mwake ndinakatenga achemwali. Ndinkaganiza kuti ndawabweretsera mphatso yoposa nsalu ndi nsapato zimene ndinagawa kunyumba. Anakhala pa benchi, chitenje chikununkha nsomba, mawu a amayi n'kudzaza kachipindako. Ine misozi inatsika. Iwo sanalire, anangoweramitsa mutu n'kumamvetsera ngati akuwerenga china chake.

"Bwezera pang'ono," anatero. "Wamva kaphokoso ako, ka 'thi'?"

Ndinali nditakamva kambirimbiri. Ndinkayesa kuti ndi kukalamba kwa kaseti. Achemwali anati chimenecho chinali chala chawo pa batani. Chifuwa chinawagwira amayi kwa zaka, ndipo akayamba kutsokomola ankakweza dzanja, achemwali n'kuimitsa, n'kubweza kaseti, n'kudikira mpweya ubwerere. Uthenga umodzi unkawatengera tsiku lonse. Nthawi zina ankajambula atagona pa mphasa, wailesi ili pachifuwa, ndipo nthabwala ija ya kukwatira kompyuta anaibwereza kangapo mpaka inatuluka bwino.

Tinamvera mauthenga otsatira ndipo tiphokosoto tinkachulukirachulukira. Mu uthenga womaliza amayi sankamaliza chiganizo popanda "thi". Zaka zonsezo ndinali ndi umboni m'makutu mwanga, koma ndinkangomva za mbuzi ndi malata. Ndinawafunsa achemwali ngati penapake panatsala ngakhale kutsokomola kumodzi, ndiwamveko amayi mmene analili. Anati ayi, amayi ankamvera okha asanatumize, ndipo pakamveka kanthu ankati tiyambirenso.

"Achemwali, ndikanamva chifuwacho ndikanabwera."

"Ankadziwa," anatero achemwali. "N'chifukwa chake."