Mafunso amene ndinkamufunsa Tadala

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, pamene anesi kusikelo ku Nambuma anandiuza kuti mwana wanga Tadala sakukwera. Bambo ake anali atatisiya. Pobwerera ndili naye kumbuyo, ndinatsimikiza zopita ku Joni. Ndinamusiya kwa achemwali anga a Esinati ali ndi zaka ziwiri.

Kumeneko ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa adona ena ofufuza za kuwala ku yunivesite. Ine ndine wamanyazi, Lasabata ndinkangokhala m'kachipinda kanga. Ndalama ndinkatumiza, koma mtima sunkakhazikika. Kodi mwanayo akudyadi? Ndinkangomva zimene ena asankha kundiuza.

Tsiku lina ndikusita, adona anandifotokozera ntchito yawo. Anati pali tizidutswa ta kuwala tobadwa tiwiritiwiri, tolumikizana ngakhale titatalikirana. Kuti udziwe ngati anthu awiri osunga tizidutswato sakunama, umawafunsa aliyense payekha, modzidzimukitsa, kenako n'kuyerekeza mayankho. "Koma timene wayeza, kulumikizana kwake kumathera pomwepo," anatero.

Mawu otsirizawo sindinawasamale. Ndinayamba kuimba foni nthawi zosayembekezeka.

"Achemwali, mwaphika ndiwo zanji? Chabwino, tapatsani Tadala, inu mupite uko."

Ndiye kwa mwanayo: wadya chiyani? Wasamba? Akumenya? Mayankho ankafanana nthawi zonse, ine n'kugona bwino. Ndinkati ndicho chikondi.

Patatha zaka zitatu ndinabwerera. Ndinamupeza wonenepa, tsitsi lolukidwa bwino. Atamva mawu anga sanandithamangire. Anaima chilili, manja kumbuyo.

"Ndadya phala. Ndasamba. Sanandimenye," anatero, maso ali pansi.

Ndinali ndisanafunse kanthu.

"Iwe Chikondi, sindinkafuna kukudandaulitsa uli kutali," anatero a Esinati. "Mwanayu foni ikalira amathawira m'chimanga. Amati akalakwitsa yankho, ine andimanga."

"Ndimangofuna kudziwa, achemwali."

"Wadziwatu. Ine ndinakulera iwe wemwe, eti? Ndikanamumana chakudya wako?"

Palibe amene anandinamizapo. Madzulo Tadala anakana mphasa yanga, anakagona kwa a Esinati, amene amawatchula kuti amayi.

M'mawa mwake foni ndinaitsekera m'chikwama. Ndinatenga lichero la mtedza n'kukhala pakhonde, pafupi ndi pamene ankasewera. Mafunso anadzaza m'kamwa, ndinawameza onse. Ndinangokankhira licherolo mbali yake pang'ono, n'kuyamba kuswa.