Ndili Bwino, Adokotala

Nditasamukira ku Zakazaka, ndinapita kukalembetsa pakachipatala kapafupi. Chimene chinandipititsa ndi chotupa cha m'bere, chomwe ndinali ndisanauzeko munthu.

Nditalowa, ndinapeza kuti dokotala wake ndi mnyamata woimbitsa kwaya kutchalitchi kumene ndinali nditangoyamba kupemphera.

"Aa, amayi! Muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

Unali moni chabe, koma ndinaukakamira. Kumuvulira mwana wa kwaya? Atafunsa chimene chavuta, ndinati, "Kachimfine basi, mphepo ya m'phirimu." Ndinatsokomolako kawiri, chifuwa chabodza chosamveka n'komwe. Anandipatsa panado, ine n'kulandira ndi manja awiri.

Chotupacho chakula, moti ndimagonera mbali imodzi. Lamulungu lililonse, pakhomo la tchalitchi, dokotala uja amandifunsa za chimfine chija.

"Chinatha, adokotala. Ndili bwino."