Udzu pansi pa galimoto ya agogo

Linali Lachitatu m'mwezi wa Sepitembala, dzuwa lili paliwombo, pamene chisakasa cha agogo chinagwira moto. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndikusenda mtedza pakhonde, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la tayala lopsa litasakanikirana ndi utsi wa udzu, manja anga amasiya chimene akugwira. Chaka chatha ndinaika amuna anga m'manda. Chichitikire maliro awo ndimaganiza kwambiri za anthu amene anatsogola, makamaka agogo aamuna, a Mbewe, obereka amayi anga, amene tinkakhala nawo bwalo limodzi m'mudzi mwathu kufupi ndi Mkaika.

Galimoto anaigula chaka chimene thonje linachita bwino, atagulitsanso ng'ombe zina. Inali yoyera, yakale, yochokera ku Japan, ndipo ankanyamulira anthu ndi matumba kupita ku Katete ndi ku Sinda. Anaimangira chisakasa cha mitengo ndi denga la udzu pafupi ndi nkhokwe. M'kabokosi ka kutsogolo m'galimotomo anapezamo buku lonenepa, lolembedwa m'zilembo za kwawoko, zooneka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Anapita nalo kwa aphunzitsi, kwa abusa a mpingo wathu, ngakhale kwa eni masitolo ku Katete, koma aliyense ankangolitembenuzatembenuza n'kuwabwezera. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti m'masamba ambiri munali timabokosi tofiira ndi tachikasu, mawu atapanikizana m'kati mwake.

"Munthu sawononga utoto wofiira pachabe," ankatero. "Apa akundiuza kuti pali chinthu chimene chimapha, koma sakundiuza kuti ndi chiti."

Popeza sankadziwa, ankangoganizira. Analetsa kusuta fodya pafupi ndi chisakasa, analetsa kulowamo ndi nyali ya palafini, analetsa ana kukhudza batire, ndiponso analetsa kutseka mawindo onse munthu ali m'kati. M'mawa uliwonse, ife tikusesa pabwalo fumbi likukwera ndi mphepo yozizira, iwo ankagwada pambali pa galimotoyo, n'kumanunkhiza, n'kumagogoda matayala ndi ndodo, khutu atatchera ngati akumvetsera kupuma kwa wodwala. Ine ankanditcha mkazi wawo wamng'ono, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ndipo ankandituma kuti ndisuzumire pansi chifukwa maso anga anali akuthwa. Pamsewu ankayenda pang'onopang'ono mpaka okwera ankadandaula kuti njinga zikutipitirira. Agogo aakazi, aNaphiri, ankawaseka kuti atenga mitala ndi mkazi amene chilankhulo chake sakuchimva. Iwo sankaseka nawo. Ankayankha kuti amanyamula ana a eni ake, ndipo safuna kuti galimoto yawo idzaphe munthu pa chinthu chimene chinalembedwa kale.

Patapita miyezi, galimotoyo inayamba kudontha oyilo. Nthawi imeneyo mng'ono wanga Tamala anali atayamba kukwawa, ndipo tsiku lina tinamupeza m'chisakasa, m'manja ndi kukamwa muli bii. Agogo anamunyamula msangamsanga. Anamusambitsa okha, kumumwetsa mkaka, n'kukhala naye pamiyendo mpaka madzulo, akumuyang'ana m'maso kuti aone ngati akusintha. Mwana sanadwale, koma iwo anatsimikiza kuti poizoni wa m'timabokosi tija wapezeka. Kuyambira pamenepo anayamba kuyala udzu wouma pansi pa galimoto, monga timayalira m'khola la mbuzi, kuti oyilo azigwera pa udzupo. Ukada, ankaukokolola n'kukaukwirira kutali ndi nyumba, n'kuyala wina watsopano.

Lachitatu limenelo anayala udzu wambiri m'mawa, wotsala pofolera nyumba, wouma moti unkathetheka ukaupondapo. Kenako anatenga amayi ndi Tamala kupita kusikelo ku Katete. Pobwerera, amayi anati, galimoto inkatsokomola njira yonse, ndipo agogo ankangotuluka thukuta pachiwongolero. Atafika anailowetsa m'chisakasa koma sanazimitse injini, poopa kuti ikana kulira masana, pamene anali ndi anthu opita nawo ku Sinda. Tamala anali atagona pampando wakumbuyo, atatopa ndi kulira jakisoni. Agogo anauza amayi kuti asamudzutse, zitseko azisiya zotsegula ndipo mphepo ikudutsa. Amayi anatenga chidebe kupita kuchitsime. Agogo anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, akumwa thobwa, maso ali kuchisakasa.

Zinayamba kuthawa ndi nkhuku zimene zinkakonda mthunzi wa m'menemo. Kenako ndinamva fungo ngati la munda umene akutentha, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona utsi woyera ukutuluka pansi pa galimoto, mbali zonse.

"Agogo, udzu ukufuka," ndinatero.

Anadzambatuka. Chikho chinagwa pansi, ndipo munthu amene ankadandaula mawondo tsiku lililonse anathamanga kuposa mnyamata. Asanafike, moto unali utatulukira m'mbali, utakwera nsanamira n'kugwira denga. Agogo aakazi ankakuwa, ine ndinangoima, mtedza uli m'manja. Agogo analowa atawerama. Kwa kanthawi sitinawaone. Kenako manja awo anatulukira pampata wa mitengo atanyamula Tamala, agogo aakazi n'kumulandira. Pamene ankatembenuka kuti atuluke, denga linawagwera pamsana.

Amuna a m'mudzi anawakoka ndi mipini ya makasu, ena akuthira mchenga. Galimoto ina m'mudzimo munalibe, choncho anawagoneka m'ngolo ya ng'ombe mpaka kumsewu wa tala, kumene lole ina inaima n'kuwatengera kuchipatala.

Tamala anangowauka tsitsi la mbali imodzi. Agogo anapsa msana wonse ndi mikono. Atatsitsimuka anayamba kufunsa za mwana, ndipo atamva kuti ali bwino anapempha kuti awabweretsere buku lija, limene ankasunga m'nyumba m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi buku la nyimbo. Ankalionetsa kwa anamwino, kwa adokotala, ngakhale kwa obwera kudzaona odwala ena. Palibe amene anawawerengera. Tsiku limene ananditenga kukawaona ndinawapeza atagona chafufumimba, akununkha mankhwala, ndipo ndinamva akufunsa agogo aakazi ndi mawu otsika.

"Ndinasamala zonse zimene ndinaziganizira, aNaphiri. Nanga ndinaphonya pati?"

Agogo aakazi anangowapukuta pankhope. Agogo aamuna anamwalira mvula isanagwe, asanadziwe chimene chinayatsa motowo. Kumudzi ena ankati ndi nsanje ya anthu, ena ankati ndi mawaya a batire. Ifenso sitinkadziwa.

Ine sukulu ndinasiyira panjira, n'kukwatiwa ndi a Daka, amene ankayendetsa takisi pakati pa Katete ndi Sinda. Tsiku lina tinapita kumaliro ku Vubwi m'chilimwe. Anthu ankatilozera poimika galimoto m'munda wa mapesi, koma iwo anazungulira mpaka anapeza malo opanda udzu. Nditawafunsa chifukwa chake, anati pansi pa galimoto pali paipi ya utsi imene imatentha kwambiri, makamaka injini ikamavuta, moti imatha kuyatsa udzu wouma, ndipo zinalembedwa m'buku. Maliro atatha tinabwerera kunyumba. Kumeneko ndinawapempha kuti andionetse. Buku lawo linali la Chingerezi. Anafufuza nthawi yaitali, akudutsa masamba a wailesi ndi a mipando, mpaka anapapeza pakati penipeni, mawu ochepa a tizilembo ting'onoting'ono, popanda chithunzi cha moto kapena cha udzu. Anati iwonso anangopapeza mwangozi tsiku lina akudikira okwera.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji chinthu chotha kupha munthu sanachilembe pachikuto, kapena kujambula moto ndi udzu pachitseko kuti ngakhale wosaphunzira aone. Anati sakudziwa. Ndipamene ndinawafotokozera za agogo. Agogo aakazi anali atamwalira kale, choncho za paipi ya utsiyo ndinakauza amayi ndi Tamala.

Masiku ano ndimagulitsa tomato ndi zitumbuwa m'mbali mwa msewu wopita ku Mkaika. Nyengo ya mwambo wa Kulamba, kapena kukakhala maliro, magalimoto amabwera ambiri, ndipo malo akachepa ena amalowa pa udzu wouma. Ndikaona choncho ndimasiya beseni langa n'kupita kukauza woyendetsayo. Ena amathokoza. Ena amaseka n'kundifunsa ngati ndine makaniko. Ndimawayankha kuti ayi, ndipo ndimaima pomwepo mpaka atasuntha galimoto.