Ndinatengera Mahatchi ku Mbenji

Inu owerenga, ine ndinapasula banja la mlongo wanga chifukwa cha hatchi imene sindinaionepo ndi maso, koma pa chithunzi cha nyuzipepala yokulungira sopo. Sindinabe, sindinamenye munthu, ngakhale mowa panalibe. Ndinangofuna kuti anthu adziwe kuti nanenso chilipo chimene ndimachidziwa. Ndikulemba izi tsitsi litayera, ndipo dzina langa ndalibisa, ngakhale kuti a kwathu cha ku Lifuwu akangomva za mahatchi andizindikira msanga.

Ndinachoka kumudzi ndili mnyamata ndipo ndinakhala mumzinda wa Debeni, kupitirira Joni, zaka khumi ndi ziwiri. Anzanga ankalowa m'migodi ku Joni, koma ine mwayi unandigwetsera m'khola la mahatchi a mpikisano. Ntchito yanga inali kuwapesa, kuwasambitsa, kuwola ndowe ndi kuwayendetsa akatha kuthamanga mpaka thukuta liume. Hatchi yodwala ndinkaidziwa pongomva kapumidwe kake. M'kholamo munali hatchi ina yaikazi, yofiirira, yamphumi yoyera, imene inkaluma aliyense wofuna kuipesa kupatula ine. Mwini khola atakalamba anagulitsa mahatchi onse, ine n'kukwera sitima kubwerera kwathu ndi sutikesi, chipewa ndi mpeni wopinda. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itatha zaka zingapo.

Makolo ndinapeza atamwalira. Anandilandira ndi mlongo wanga Esinati ndi amuna ake, a Yotamu. Nanga nzeru zanga za mahatchi ndikanazigulitsa kwa yani? Ku Salima ngakhale bulu amene, ntchentche za kashembe sizimulola kukalamba. Ndinasanduka munthu wongokhala pakhonde, chipewa chili kumutu, kudya za alamu.

A Yotamu anali msodzi wofatsa, wosachulutsa mawu, ndipo anali asanadumphepo malire a dziko lino. Anzawo akamasimba za kunja, iwo ankangoloza kumadzi n'kunena kuti, "Joni wanga ine ndi nyanjayi." Anali ndi chilimira, ukonde waukulu wogwirira utaka, umene anauluka okha zaka ziwiri ndi ulusi wosolola m'matayala akale a galimoto. Esinati ankawathandiza kusolola ulusiwo mpaka zala kuchita matuza. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, m'munda simunatuluke kanthu. Ana anali asanu. Chiyembekezo chonse chinali pa utaka wa ku chilumba cha Mbenji, poti ukauma anthu a kumtunda ankabwera ndi chimanga kudzasinthanitsa.

Amene simunafikeko, dziwani kuti ku Mbenji sapita ngati mmene munthu apitira kumsika. Chilumbacho chimatsekedwa nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa chili ndi malamulo ake. Mkazi saponda. Mowa sufika. Juga satchova, ya mtundu uliwonse. Munthu wachilendo ayenera kukhala ndi womuimira pamaso pa akuluakulu osunga mwambo. Tsiku lonyamuka, alamu anga anandigwira paphewa pamaso pa akuluakuluwo, nati, "Awa ndi alamu anga. Akalakwa, ndalakwa ndine." Ine ndinangomwetulira, poti mowa sindinkamwa ndipo makhadi sindinawagwirepo.

Usodzi unandikana, ndisakunamizeni. Nkhafi inandisupula m'manja tsiku loyamba. Bwato likayamba kuvina pa mafunde, ine ndinkasanza mpaka ndulu. Pokoka ukonde ndinkakoka pamene anzanga akulekerera. Anandipatsa dzina loti a Debeni, ndipo wina ankati akandiona ndikubwera amafuula kuti, "Pewani njira, akubwera okwera pa nsomba!" Alamu anga sanandinyozepo. Ankangondikonzera kagwiridwe ka chingwe mwakachetechete. Koma chifundo chawocho chinkandipweteka kuposa kuseka kwa enawo. Bambo wamkulu, woti waona mizinda, kumaphunzitsidwa kumanga mfundo!

Kumapeto kwa Juni kunafika bwato lochokera kumtunda ndi ufa, mchere ndi sopo. Sopo wathu anali wokulungidwa m'tsamba la nyuzipepala ya Chingerezi ya ku Debeni, yongotha milungu iwiri. Ndinalitambasula. Linali tsamba la mahatchi amene ankayembekezeka kuthamanga pa mpikisano waukulu wa mwezi wa Julayi, umene kumeneko ngakhale wosesa mumsewu amaukamba. Panali zithunzi zitatu ndi mndandanda wa mayina, zaka, makolo a hatchi iliyonse ndi kulemera kumene idzasenze. Pa chithunzi chachitatu panali hatchi yamphumi yoyera. Nditawerenga dzina la mayi wake, ndinakhala pansi. Anali mwana wa hatchi yanga yoluma ija.

Mawa lake mwera unayamba. Mphepo imeneyi ikakalipa palibe bwato lolowa m'madzi, ndiye asodzi amangokhala m'misasa kusoka maukonde ndi kutembenuza nsomba pa mathandala. Anthu osowa chochita amamvera chilichonse. Ndinayala tsamba lija pamwala, n'kulitsindika ndi timiyala, n'kuyamba kufotokoza. Ndinawaonetsa kuti hatchi saiweruza ndi kukula, koma chifuwa, kutalika kwa ntchafu ndi mmene ziboda zaponderera pansi. Ndinawauza kuti hatchi yopambanapambana amaiikira mtovu m'chishalo kuti ifanane ndi zinzake, ndiponso kuti wokwerapo amakhala kamunthu kochepa ngati mwana koma kamanja olimba. Anthu aja ankandiseka anayamba kusendera pafupi. Mayina a Chingerezi anawavuta, ndiye anatcha awoawo. Yakuda yaikulu inakhala Chimphona, yowonda yamiyendo yaitali inakhala Namzeze, ndipo yanga inakhala Mphumi.

Pachilumbapo panali Che Saidi, mwini ukonde wina, Msilamu, amene anagwirapo ntchito ya ukhukhi, yophikira anthu, ku Joni ndipo mipikisano anaionerapo. Iwo anaima pa Chimphona. Ankati yapambana kawiri pa mtunda wautali, ndipo wokwerapo ndi katswiri. Ine ndinkati katundu amene aisenzetsayo aithyola msana pokhota pomaliza, pamene Mphumi ndi yaing'ono, yasenza zochepa, ndipo mayi wake ankathamanga bwino nthaka ikauma, ngati mmene imaumira mu Julayi. Ena anakonda Namzeze chifukwa cha miyendo basi. Tinkakangana kuyambira m'mawa, kupuma podya, n'kuyambiranso. Anthu osaonapo hatchi chibadwire ankalozerana ziboda pa chithunzi ngati akugula ng'ombe. Kunali kuseka kokhakokha, ndipo kunena zoona, amenewo anali masiku okoma kuposa onse chibwerere changa. Dzina loti a Debeni linasiya kukhala chipongwe.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndilibe cholemba. Tsiku lachinayi Che Saidi anandiseka kuti ndikukonda Mphumi chifukwa cha chibale, osati nzeru. Anthu anaseka kwambiri. Magazi ananditentha. Ndinavula chipewa, ndinatulutsa mpeni, n'kuziika pamwala, ndipo ndinati amene akukhulupirira Chimphona aike chake, tidzaone nyuzipepala ikadzabwera. Che Saidi anasiya kuseka. "Wallahi, pakamwa titsutsane mpaka mwera uleke," anatero, "koma kuika kanthu pansi ndi haramu, ndipo chilumba chino sichilola. Tolani chipewa chanu, achimwene." Ananyamuka n'kupita ku msasa wawo. Ine sindinatole. Msodzi wina wa ukonde wina anaika dengu la utaka wouma. Wina anaika fodya, wina malaya, wina mbedza. Tinazibisa zonse pansi pa bwato lakale lobooka limene linali lovundikira kuseri kwa miyala.

Alamu anga anamva tsiku lomwelo. Anandipeza ndikutembenuza nsomba, naima pambali panga. Kenako anati, "Alamu, kabwezeni zinthu zija kwa eni ake lero. Nkhani kambani, koma chimene mwayambachi ndi juga." Ine ndi kuchenjera kwanga kwa m'tauni ndinawayankha kuti juga ndi ya makhadi ndi ndalama, pamene ife tikungoyesana nzeru, ndipo mahatchiwo ali kutali kwambiri moti mizimu ya pa Mbenji siingawadziwe. Anandiyang'ana, napukusa mutu, nabwerera ku ukonde wawo. Mumtima ndinati ndibweza mawa. Koma kubweza kunali kuvomera pamaso pa onse kuti ndachita mantha ndi Chimphona, ndipo ulemu umene ndinali nditangoupeza ndinaukakamira. Paja amati wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mwera unapitirira mpaka tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo akuluakulu anayamba kufunsana kuti walakwira chilumba ndani. M'mawa wa tsikulo mmodzi wa iwo anapita kukafuna thabwa lokonzera bwato lake, n'kugudubuza bwato lobooka lija. Anatiitana tonse pamchenga. Panalibe kukalipa kapena kutukwana. Mkuluyo ananyamula mpeni n'kufunsa mwini wake, ine n'kuimirira. Ndinayesa kufotokoza zoti panalibe makhadi, koma mawu anga anamveka opusa ngakhale m'makutu mwanga. Amene anabetcha nawo anawalamula kudzapereka nkhuku akabwerera kumtunda. Koma woyambitsa ndi womuimira anayenera kuchoka pachilumba, ukonde ndi mabwato omwe, osabwereranso nyengo yonseyo. Che Saidi anayesa kutipepesera, koma mwambo sunasinthe. A Yotamu anaimirira, nangoti, "Ndinanena ndekha kuti akalakwa ndalakwa ndine." Anapita kukapinda chilimira chawo.

Kaya ndi mizimu kaya nyengo chabe, ine sindidziwa, koma kutacha nyanja inali itagona. Ife tikupalasa kulunjika kumtunda, mabwato a anzathu anali kulowa m'madzi, ndipo tinamva pambuyo pake kuti utaka wa milungu yotsatirayo unachita kusowa poyanika. Esinati atationa tikufika nyengo isanathe, ndi madengu atatu okha a nsomba, anaika manja kumutu asanafunse n'komwe.

Tinayesa kuponya ukonde kufupi ndi gombe, koma utaka sukhala pamenepo. Asodzi a ukonde wathu anayamba kuchoka mmodzimmodzi kukalowa maukonde a ena, ndipo sindiwaimba mlandu, nawonso anali ndi ana. Madengu atatu aja anabweretsa chimanga chongokwana mwezi umodzi. Ine ndinati ndibwerere ku Debeni ndizikatumiza thandizo, koma olemba anthu a ku migodi atandipima anati chifuwa changa n'chofooka, ndipo ndalama ya ulendo wandekha ndinalibe. A Yotamu nawo anakalembetsa za ku migodi, ndipo atawapima anawapeza olimba. Anapachika chilimira kudenga, nauza Esinati kuti azichifukiza ndi utsi kuopa makoswe, ndipo adzabwera ikatha miyezi khumi ndi isanu ndi itatu.

Ndinawaperekeza ku siteshoni ya Salima mu Ogasiti, nditawanyamulira kamtolo kawo. Tikudikira sitima, ndinaona kalaliki wa pa siteshoni akuwerenga nyuzipepala yakale ya ku Debeni. Inu owerenga, apa ndi pamene manyazi anga agona. Ndinasiya alamu anga ali chiimire, n'kukapempha kalalikiyo kuti ndione tsamba lakumapeto. Mphumi inapambana. Chimphona inatopa pokhota pomaliza, monga ndinanenera, n'kumaliza yachisanu. Ndipo ine, pa tsiku ngati limenelo, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinabwerera nkhope ikuwala ndisanaigwire.

A Yotamu anaona. Anafunsa kuti yapambana iti, ine n'kuyankha motsitsa kuti yanga ija. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nalandira kamtolo kawo m'manja mwanga. "Ndiye kuti mahatchi mumawadziwadi, alamu," anatero, popanda mnyozo uliwonse. "Mundionere anawo." Anakwera sitima.

Makalata anabwera awiri, kenako zii. Ena anati anawaona akudwala chifuwa ku chipatala cha mgodi, ena anati mwala unawagwera. Mpaka lero sitidziwa pamene anagona. Ana asanu aja ndinawalera ine, ndi khasu ndi mbedza, ndipo sindinakwatire. Esinati anandikhululukira ndi pakamwa, koma chilimira chija anachifukiza ndi utsi zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka tsiku lina chinangoduka chokha n'kugwa kudenga, ulusi utafumbwa.

Ndiye ndikukupemphani, makamaka inu obwera kuchokera kutali ndi nzeru zimene kwanu sazidziwa. Kambani nkhani zanu, tsutsanani, sekani, palibe choipa. Koma mukafika pamalo pamene eni ake anaikapo lamulo, musalipezere pozembera ndi kuchenjera kwa pakamwa. Ndipo munthu akakuimirani ndi dzina lake, dziwani kuti chilichonse mukuika pansi si chanu chokha. Ine ndinkaganiza kuti ndabetcha chipewa ndi mpeni, osadziwa kuti pamwala paja ndaikapo ukonde wa alamu anga, chakudya cha ana awo ndi moyo wawo umene. Pa za hatchi ndinalondola, ndipo palibe tsiku limene kulondola kumeneko kunabweza bambo wa ana aja pakhomo.