Upile wakhala kumanzere

Lachiwiri lapitali ndinali pakhonde kupeta mpunga pamene ndinaona alendo awiri akulowa pabwalo: achimwene anga aakulu, ndi mayi Matewere, mlangizi wa atsikana kumpingo kwathu. Anthu awiriwa sayendera limodzi wamba. Ukawaona atatsogozana, udziwe kuti mwana wa wina wapalamula.

Ulendo uno mwanayo anali wanga.

Upile ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali Fomu 2, ndipo mayeso ake ayandikira. Bambo ake ali ku Joni, ndiye monga mudziwa kwathu kuno, mawu a atsibweni ndi amene amalemera. Achimwene sanataye nthawi ndi malonje. Anasolola kope m'thumba la jekete n'kuliika palichero, pamwamba pa mpunga wanga. Linali kope la masamu la Upile. Analiiwala kwawoko Lamulungu atapita kukawerenga ndi msuweni wake.

M'kati mwa chikuto anamatamo chithunzi cha galimoto. Osati izi timaziona pa Songani zitasenza makala ndi nkhuku ayi. Iyi ndi yofiira ngati tomato wakupsa, yopanda denga, yogona pansi ngati buluzi, mipando iwiri basi. Dzina lake n'la Chitaliyana, lilime langa linakana kalekale kulitchula. Chithunzicho ndinkachidziwa, wakhala nacho chiyambire Fomu 1, ndipo aliyense pakhomo pano anamvapo kuti tsiku lina adzagula yakeyake. Chimene sindinkadziwa n'chakuti anadula kankhope kake pa kachithunzi kotsala ka chitupa cha sukulu, n'kukamata pampando.

Pampando wakumanzere.

"Chemwali, taonani bwino apa," anatero achimwene, chala chili pachithunzi. "Mwana wanu wakhala kumanzere. Nanga kumanjaku wasungira ndani?"

Mayi Matewere analandira nkhaniyo mwachifatse, ndi mawu aja amalankhulira pamaliro. Anati alangiza atsikana zaka zambiri ndipo zimayamba chonchi. Mtsikana akalota galimoto ndiye kuti walota mwini wake. Anandikumbutsa kuti Upile amayenda m'mbali mwa msewu wa Liwonde m'mawa ndi masana, ndipo zidyamakanda sizisowa, zimangotsitsa galasi n'kufunsa ngati mwana watopa. Chikomekome cha mkuyu, anatero, m'kati muli nyerere.

Maganizo anali atamanga kale asanafike. Upile asiye kaye sukulu, apite kwa apongozi a achimwene kuseri kwa phiri, kutali ndi tala, akaphunzire kusoka mpaka mutu uzizire. Mayeso adzalemba chaka china. Inu ndi ine tikudziwa kuti chaka chinacho sichifika.

Ndisaname. Nanenso ndinaona zomwe iwo anaona. Ndani sadziwa kuti dalaivala amakhala kumanja, wonyamulidwa kumanzere? Mu minibasi, si mpando wakutsogolo kumanzere umene makondakitala amasungira atsikana amene awakomera m'maso?

Koma ine kupsa mtima sindifulumira nako, mwina chifukwa cha mpunga, umene sulola kuuthamangitsa. Ndinawapempha kuti tidikire mwini wake. Ndinawaphikira tiyi, ndinawapatsa mbatata, ine n'kupitiriza kupeta.

Upile anafika cha m'ma 3 koloko, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anagwada, anapereka moni, kenako anaona kope lake m'manja mwa atsibweni ake ndipo nkhope inagwa. Achimwene anabwereza funso lawo. Mwanayo anayang'ana chithunzi, anayang'ana atsibweni akewo, osamva chimene akufunsidwa. Mpaka mayi Matewere anachita kumumasulira kuti atchule bambo amene adzakhale kumanjayo.

"Ankolo, chiwongolero chili kumanzere," anatero. "Kumene amazipangako amayendetsera mbali iyi. Woyendetsa ndine."

Tinaweramira pakopepo tonse atatu. Chinalidi pomwepo, chakuda, chaching'ono, pansi penipeni pa chibwano cha kachithunzi kake. Akuluakulu atatu, maso asanu ndi limodzi, palibe amene anachiona. Tinatanganidwa kufunafuna mwamuna pampando wopanda munthu.

Mukuganiza kuti alipo anapepesa?

Achimwene anangosintha nyimbo. Anayamba kuseka galimotoyo. Anati ikadzafika pa hampu ya pa Songani idzakodwa pamimba ngati fulu, anyamata a kabaza adzachita kuinyamula. Anafunsa kuti galimoto yoti singasenze ngakhale thumba limodzi la feteleza, yoti mayi ako akadwala sungawagoneke kumbuyo, yoti pamaliro singatenge ndi nkhata zomwe, ndi galimoto kapena chidole? Apa ndinaseka nawo, chifukwa zoona zinalipo. Kenako anafunsa funso limene ankaganiza kuti limaliza mlandu.

"Ndiye ndalama zake udzazitola kuti? Mu lichero la mayi akoli?"

Upile anapempha kopelo ndi manja awiri, n'kutsegula masamba akumapeto. Kunali masamu okhaokha. Anafotokoza kuti mtengo wake anaupeza pa foni ya mnzake, n'kuusandutsa matumba a mpunga, ndipo anapeza kuti ngakhale chigwa chonse cha Domasi chitamusonkhera zokolola, angagule mwina zitseko. Anayesa malipiro a mphunzitsi, anafunsa madamu awo a masamu osachita manyazi. Anayesa a namwino. Anapeza kuti atagwira ntchito mpaka kupuma, osadya, osavala, angagule matayala. Zonsezo anazikhwatcha ndi cholembera chofiira.

Chimene sanakhwatche chinali mawu amodzi, makina. Anati waona mmene chigayo chimaswera mpunga wathu, mavenda n'kumatidula mtengo chifukwa wosweka wachuluka. Akufuna kuphunzira za makina mpaka adzapange chigayo chosaswa mpunga, ndipo asadzakhale wogayitsa chabe koma wogulitsa zigayozo kulikonse kumene amalima mpunga. Ndiye chifukwa chake masamu ndi sayansi safuna kujomba ngakhale mvula ikhale yotani.

Kenako mayi Matewere anapumira m'mwamba n'kunena kuti mtsikana wa mtima woterowo amuna adzamuopa.

"Mayi," ndinatero, "mwabwera muno poopa kuti amuna amutenga. Pano mukuopa kuti samutenga. Tigwire ziti?"

Ndimawalemekeza mayi Matewere, ndipo zidyamakanda sanazipeke, zilipodi. Ndimawadziwa atsikana a m'mudzi muno amene anakwera kumanzere kwa galimoto za eni ake n'kutsika ndi mimba. Mantha awo si opusa. Chimene ndikukana ndi mankhwala awo.

Ndikuuzeni za ine. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndili ndi pakati pa Upile yemweyu. Kodi mukuganiza kuti bambo ake anandikopa ndi galimoto yofiira? Inali njinga yakapalasa, yopanda mabuleki akumbuyo, poima bambo akewo ankachita kukwekweza phazi pansi. Ankandinyamula pakaliyala kuchokera ku Naisi, kundigulira zitumbuwa ziwiri, ine n'kumadziona ngati ndafika. Ndinalibe chithunzi chilichonse m'kope langa. Palibe chimene ndinkafuna choposa kupumitsa miyendo. Ndinali mwana wofatsa, wosadzikweza, wodziwa malo ake, uja alangizi amamuyamikira. Ndiye amene anatsika mtengo.

Taganizani bwino, amayi anzanga. Ndani amagulika msanga, mwana amene akufuna tchipisi ndi fanta, kapena amene akufuna chinthu choti chidyamakanda chenichenicho sichingakwanitse ngakhale chitagulitsa nyumba? Bambo wa kagalimoto kotha matayala akatsitsa galasi kwa Upile wanga, amulonjeza chiyani? Mwanayo anawerengera kale kuti malipiro a bamboyo ndi a matayala basi.

Koma ife timaopa mwana wolota zazikulu kuposa mwana wosalota. Mnyamata akanena kuti adzagula galimoto timati ali ndi nzeru, alimbikire. Mtsikana akanena zomwezo timayamba kufunsa kuti wamuonetsa ndani. Tili ndi mawu ambiri omukhazikira pansi: matama, kudzimva, kuthamanga magazi, kuiwala kumene wachokera. Oti timulimbikitsire tili nawo angati?

Ndipo si atsikana okha. Kangati tamuuza mwana kuti zimenezo n'za ana a mabwana, iwe gwira khasu? Timati tikumuteteza kuti asadzakhumudwe. Ndiye timamukhumudwitsa ife tokha lero, msangamsanga, dziko lisanapeze mpata.

Musandiyese wopenga. Ine ndi munthu wa kudimba, ndimadziwa kusiyana kwa maloto ndi ndiwo. Ndikudziwa kuti mwina Upile sadzagula galimoto imeneyo. Ndikudziwa kuti msewu wa kwathu nthawi ya dzinja ngakhale thirakitala imachita kupemphera. Mwina adzafika zaka makumi atatu n'kuseka yekha, n'kugula ya mipando isanu ndi iwiri yoti tizikwanamo ndi matumba omwe. Zimenezo adzasankha yekha ali wamkulu, satifiketi ili m'manja. Chimene ndikuona lero n'chakuti chidole achimwene akuchisekacho chimamudzutsa m'mamawa kuti awerenge asanakatunge madzi. Ine ndinayesa kumudzutsa ndi mawu zaka zonsezi, osatheka. Ndiye ndichotse chimene chikugwira ntchito chifukwa chili ndi mipando iwiri?

Kusoka si ntchito yonyozeka, ndili ndi anzanga amene akudyetsa mabanja ndi makina osokera. Koma kumuchotsa mwana pasukulu patatsala miyezi yowerengeka kuti alembe mayeso, pa mlandu umene sanapalamule, chifukwa akuluakulu sitinaone chiwongolero, kumeneko si kulangiza. Tikanachita manyazi n'kunyamuka. M'malo mwake chilango chinatsala chomwecho, mlandu wokha ndi umene unasintha, kuchoka pa uhule kufika pa matama.

Ndinawauza achimwene, mwaulemu wonse umene mayi athu anatiphunzitsa, kuti Upile sapita kuseri kwa phiri. Mawa apita kusukulu, mkuja apita kusukulu, ndipo mayeso alemba. Ngati vuto ndi msewu, ndizimuperekeza ndekha mpaka pa geti, mpunga udikire. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. M'banja mwathu ine ndi uja amati savuta, ndipo sindinawatsutsepo chibadwire.

"Chemwali, mudzandikumbuka," anatero akuimirira.

"Ndidzakukumbukani, achimwene. Kope lokha musiye."

Analisiya. Koma nkhani sinathe. Dzulo ndamva kuti achimwene aimbira foni bambo ake a Upile ku Joni, ndipo aitanitsa abale kuti tikakhale pansi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Akuti ndikumulekerera mwana, ndipo zikadzavuta ndisadzapite kukalira pakhomo pawo. Mwina zidzavutadi. Palibe mayi amene ali ndi chitsimikizo cha mwana wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo ine ndilibe. Ndikadzalira ndidzalira pakhomo panga.

Lamulungulo ndipita, ndikagwada, ndikamvetsera aliyense mpaka amalize, pakuti kudikira ndimakutha. Akamaliza ndikawafunsa chinthu chimodzi, ndipo ndikufunsani inunso amene muli ndi ana aakazi m'nyumba. Pa atsikana onse amene tinawachotsa pasukulu kuti tiwateteze, ndi uti amene tingamuloze lero n'kunena kuti uyu tinamupulumutsa?