Lumo Laling'ono ndi Kanachesi M'tsaya

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha ulesi. Malume ankandituma kukagulitsa manachesi pa malire a Mwanza, koma ine dengu ndinkalisiya padzuwa n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango pomwe Che Bwanali ankametera anthu. Tsiku lina malume anandipezerera. M'malo mondikwapula anangoti, "Che Bwanali, mtengeni uyu. Kuyang'anitsitsa kokha ndiye amatha." Basi, ntchito n'kupezeka, ine wa Sitandade 5 yosamaliza.

Inu anyamata a lero, amene magetsi akazima mumamusiya munthu mutu theka, tamverani. Che Bwanali ankameta ndi malumo opinda, aja anzathu a ku Zobue amati navaya. Anali nawo atatu, onse akale kuposa ine. Lalikulu linali lotambalala ngati zala ziwiri, lolemera, nsonga yake yakona, ndipo tinkalitcha Khasu. Limeneli linali la mitu ndi ndevu zowirira za madalaivala a mathiraki, chifukwa limanyamula thovu lambiri ndipo kulemera kwake kumakugwirira ntchito. Lapakati linali la aliyense. Laling'ono, losaposa kachala kotsiriza m'lifupi, nsonga yozungulira, tinkalitcha Namwali. Ntchito yake inali pansi pa mphuno ndi kuseri kwa makutu.

Amalonda ochokera ku Tete akabwera ndi malumo akale, mkuluyo sankasamala za chigwiriro. "Chigwiriro sichimeta," ankatero. Ankaliunika padzuwa. Dzimbiri la pamsana ankalikhululukira, la mbali yakuthwa ayi. Kenako ankaliyendetsa pa chikhadabo chonyowa kuti amve ngati pali pogumuka, n'kuligwedeza kuti aone ngati kamsomali kakugwirabe.

Ine yanga inali kuwiritsa madzi, kunola pa mwala, kusalaza pa lamba wachikopa, ndi kumeta maungu. Inde, maungu. Ankapaka dzungu sopo, ine n'kumapala thovu, iwo n'kumafufuza pomwe ndakanda. Dzungu lokandika linkapita kumphika. Ana a Che Bwanali anadya maungu mpaka anasiya kundipatsa moni.

Ndiye linafika Lachisanu lija. M'mawa kunabwera a Nambewe akukankha njinga, atakweza bambo awo, a Zuze a ku Kanduku. Mawa lake mdzukulu ankakwatiwa, ndipo agogo ankafunika pa chithunzi. Nkhalambayo inalibe dzino ndi limodzi lomwe. Masaya anali olowa mkati ngati mbale za ndiwo, khungu lofewa ngati pepala lonyowa, koma ndevu zolimba ngati waya. Tsoka ilo, dzanja lamanja la Che Bwanali linali litatupa, chinkhanira chitawaluma pa nkhuni.

"Gelesomu, lero ndi lako," anatero. "Dontho limodzi la magazi, Lolemba ubwerere ku dengu lako."

"Uyu?" anafunsa a Nambewe. "Che Bwanali, bambo angawa si dzungu."

Mbiri yanga inali itafika kale ku Kanduku.

Che Bwanali anayala malumo atatu aja pa benchi. Madalaivala odikira mapepala awo anali ataunjikana, ndipo wina anakuwa, "Tenga chachikulucho, mphwanga, upale kamodzi n'kamodzi!" Kunena zoona, Khasu ankandiitana. Mnyamata aliyense amafuna kuoneka atagwira chinthu chachikulu. Koma nditayang'ana masaya aja ndinaona kuti Khasu sangalowe m'maenje otere, ndipo kona yake ikanakola khwinya loyamba lomwe. Ndinatola Namwali. Madalaivala anaseka. Che Bwanali anangotsokomola.

Ndinanyowetsa ndevu ndi kansalu ka madzi otentha, n'kupaka thovu. Koma tsaya ndikalikoka ndi zala linkangothawira mkati.

"Thamangira kwa malume ako," anatero Che Bwanali. "Ukasankhe kanachesi kakang'ono, kosapsa."

Nditabwera nako anakatsuka n'kukalowetsa mkamwa mwa a Zuze, mbali ya tsaya. Tsayalo linafufuma n'kulimba ngati chikopa cha ng'oma.

"Agogo, musatafune," anatero.

A Zuze anagwedeza mutu ngati mwana wabwino.

Ndinagoneka lumo pafupifupi chathyathyathya, n'kumatsata komwe ndevu zagonera, pang'onopang'ono. Vuto la Namwali n'lakuti sanyamula thovu. Ukapala kawiri wadzaza, umuchotse, umupukute. Thukuta linkandiyenderera mpaka m'maso. Tsaya lamanzere linatha. Agogo anasuntha kanachesi ndi lilime, lamanja nalonso linatha. Nditafika pansi pa mlomo, Namwali anadzazanso, ndipo ndinamuchotsa kuti ndimupukute.

Phwa! Kanachesi kanaphulika. Kani nthawi yonseyi nkhalamba inkakafinya ndi nkhama. Kuwawasa kwake kunaidzidzimutsa, mutu n'kudumphira kutsogolo, nkhope yonse n'kukwinyika ngati chikwama chothina. Lumo linali m'kansalu. Ndikanakhala ndi Khasu, amene sapukutidwa pafupipafupi, bwenzi ali pakhungu, ndipo pa chithunzi cha ukwati agogo akanaoneka ndi milomo itatu.

A Nambewe anagwira pamtima. A Zuze analavula khoko n'kunena, "Mwana iwe, kosapsa chonchi mumagulitsa kwa anthu?"

Ndinamaliza chibwano popanda ngakhale kadontho. Nkhalambayo inadzisisita masaya, n'kuyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Nambewe, mawa undikhazike kutali ndi mkwati. Anthu angasokonezeke."

Atapita, Che Bwanali anandipatsa lumo lija kuti ndiliwiritse. "Lumo sasankhira oonerera," anatero. "Amasankhira tsaya." Lolemba ndinabwera kuntchito, ndipo dengu la malume sindinalisenzenso.

Mkuluyo, Mulungu awapumitse, anandipatsa ntchito imene yaphunzitsa ana anga onse. Maso awo atafooka anandisiyira Namwali. Masiku ano makasitomala ndimawameta ndi malezala otaya, aliyense lake, chifukwa cha matenda. Namwali amameta munthu mmodzi yekha, ine. Mano anga nawo anatsanzika, masaya analowa, ndiye Loweruka lililonse adzukulu amaunjikana kudzaonerera agogo awo ali ndi kanachesi m'tsaya. Kusiyana kwanga ndi a Zuze n'kumodzi: ine ndimasankha kakupsa, ndipo ndimadikira lumo lipindidwe ndisanakatafune.